Pansanja panaima mayi yekha

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu a m'mawa uno akuchokera pa Yohane 8:3-11 ndi Masalimo 32:3-5.

Alembi ndi Afarisi atafika ndi mayi wina kwa Yesu, anati amugwira ali mkati mochita chigololo. Chigololo sachita munthu yekha. Chilamulo chomwe iwo ankadalira, pa Levitiko 20:10, chimati aphedwe onse awiri, mwamuna ndi mkazi yemwe. Koma pabwalo panaima mayi yekha, ndipo palibe anafunsa za mwamunayo.

Mlembi wina wa ku America, Nathaniel Hawthorne, analemba za bwalo lotereli m'buku lake la mu 1850, The Scarlet Letter. Eni nkhani a m'bukumo ndi opeka, koma malo ndi malamulo ake ndi enieni. Ndi ku Boston m'zaka za m'ma 1640, mudzi wa Apuritani, Akhristu amene anachoka ku England pofuna mpingo woyera. Iwo ankakhulupirira kuti tchimo la munthu mmodzi lingagwetsere mudzi wonse mkwiyo wa Mulungu, choncho ankalanga poyera: kukwapula pamsika, kutsekera munthu miyendo m'matabwa kuti odutsa amuone. Mu 1644 Mary Latham, mtsikana wa zaka 18, ananyongedwa ku Boston pamodzi ndi James Britton chifukwa cha chigololo. Mu 1694 boma la Massachusetts, dera limene muli Boston, linakhazikitsa lamulo loti wopezeka ndi mlanduwu azivala chilembo cha A (choimira mawu a Chingerezi akuti adultery, kutanthauza chigololo) pachovala chake moyo wake wonse.

M'bukumo Hester Prynne atuluka m'ndende atanyamula khanda la miyezi itatu, chilembo chofiira chili pachifuwa. Amuimika pansanja pamsika kwa maola atatu. Akuluakulu a mudzi apempha m'busa wake, Arthur Dimmesdale, kuti amuchonderere atchule bambo wa mwanayo. M'busayo amuchondereradi ndi mawu okoma, khamu lonse likumva. Hester akana. Chimene khamulo silikudziwa n'chakuti bambo wa khandalo ndi m'busa yemweyo.

Abale, tikhalepo pang'ono pa m'busayu, chifukwa ambiri a ife timafanana ndi iye kuposa Hester. Zaka 7 anakhala chete. Sanasiye kupemphera. Ankasala kudya mpaka mawondo kunjenjemera, ankachezera usiku wonse, ankadzikwapula yekha m'chipinda chake. Ankakwera paguwa n'kuuza mpingo kuti iye ndi wochimwitsitsa kuposa onse, ndipo anthu ankatuluka akunena kuti taonani kudzichepetsa kwa munthu wa Mulungu. Iye ankadziwa bwino lomwe kuti adzamumva choncho. Ankanena zoona m'njira yoti zoonazo zimuphimbe. Ifenso timatero tikamapemphera kuti "tachimwa m'maganizo, m'mawu ndi m'zochita", pamene tchimo lenileni, lomwe lili ndi dzina, tsiku ndi munthu amene tinamulakwira, taliika pambali. Usiku wina Dimmesdale anakwera pansanja pomwe paja pakati pa mdima, anthu ali mtulo, kukaima pamene anayenera kuima masana. Davide ankaudziwa mkhalidwe umenewu: "Pamene ndinakhala chete mafupa anga anakalamba ndi kubuula kwanga tsiku lonse." M'busayo anafota, ndipo pamene anaulula pamaso pa anthu, anamwalira pansanja pomwepo.

Wina angaganize kuti ndiye kuti manyazi anamuthandiza Hester. Bukulo silitero. N'zoona kuti iye anakhala m'kanyumba kunja kwa mudzi, akudzidyetsa ndi ntchito yosoka, akusokera osauka ndi kudwazika odwala, mpaka anthu anayamba kumulemekeza. Koma mtima wake sunabwerere kwa Mulungu chifukwa cha chilembocho. Unauma n'kutalikira mpingo. Patatha zaka 7 anakumana ndi m'busa uja m'nkhalango, anachotsa chilembo n'kuchiponya pansi, ndipo anapangana zothawira limodzi kutsidya kwa nyanja. Mudzi wonse unamuloza chala kwa nthawi yaitali, koma kulapa kumene unkafuna sikunabwere.

Hawthorne sanalembe izi ngati mlendo. Kholo lake lina, John Hathorne, linali mmodzi wa oweruza milandu ya ufiti ku Salem, mudzi wina wa ku Massachusetts komweko, mu 1692, pamene anthu 19 ananyongedwa, ndipo nkhalamba ina, Giles Corey, inafa poipanikiza ndi miyala. Kwa ife amene tamvapo za agogo omenyedwa powanamizira ufiti, nkhani imeneyi si yakutali.

Pabwalo lomwelo la Salem panalinso woweruza wina, Samuel Sewall, ndipo za iyeyu si zopeka. Chakumapeto kwa 1696, mwana wake akumuwerengera Malemba, anafika pa Mateyu 12:7, pamene Ambuye akunena kuti mukadadziwa tanthauzo la mawu akuti ndifuna chifundo osati nsembe, simukadaweruza osalakwa. Sewall analemba m'buku lake la zochitika kuti mawuwa anamukumbutsa za Salem. Pa 14 Januwale 1697, tsiku losala kudya, anapereka kalata kwa m'busa wake, Samuel Willard, ndipo anaimirira mu tchalitchi ku Boston pamene m'busayo ankaiwerenga. M'kalatamo anavomera kusenza mlandu ndi manyazi a zimene zinachitika, napempha chikhululukiro kwa anthu ndi kwa Mulungu. Palibe anamukokera pansanja. Anali munthu wolemera ndi wolemekezeka, akanatha kukhala chete monga anachitira oweruza anzake. Patangopita zaka zitatu, mu 1700, munthu yemweyu analemba kabuku kotsutsa malonda a akapolo.

Hester anaimikidwa ndi khamu, Sewall anaimirira yekha atatsutsidwa ndi Mawu. Davide akuti, ndinavomera tchimo langa kwa Inu, sindinabise, ndipo Inu munakhululukira. Kuvomera kotereku munthu wina sangakuchitire m'malo mwa mnzake, ngakhale atafalitsa chithunzi chake m'magulu onse a WhatsApp.

Sindikunena kuti mpingo usiye kulanga. Yesu mwini anatchula tchimo la mayi uja pamene anati pita, usachimwenso. Koma anayankhula mawuwa atatsala awiri okha, oponya miyala atachoka mmodzimmodzi kuyambira akuluakulu. Pa Mateyu 18:15 akutilamula kuyamba kukamuona m'bale wolakwa patokha, iye ndi ife. Pa Agalatiya 6:1 Paulo akuti timubweze ndi mzimu wofatsa, tikudziyang'anira tokha. Mtsikana akatenga mimba asanakwatiwe, mimba imaoneka yokha, ndiye amayamba kuitanidwa ndi akulu a mpingo ndi iyeyo. Mwamuna alibe chomuonetsa. Ngati bwalo la mpingo lathera pa mtsikana yekha, tachita chimodzimodzi ndi Afarisi aja. Ndipo ngati waimitsidwa pa Mgonero popanda womuyendera kunyumba, tisadabwe akasiya kubwera kutchalitchi.

Tiyeni tipemphere. Atate, pali ena pakati pathu amene akhala chete zaka zambiri, akutumikira m'nyumba mwanu mafupa akuwawa. Apatseni mphamvu lero yopita kwa munthu amene anamulakwira ndi kutchula tchimolo dzina lake. Pali ena amene nkhani yawo ili m'kamwa mwa aliyense, ndipo akuopa kutuluka m'nyumba m'mawa uno. Titumeni kwa iwo. Mugwire dzanja lathu pamene tikufuna kutumiza kwa ena manyazi a mnzathu. M'dzina la Yesu Khristu, Ameni.