Makalata a omvera: matenanti ndi antchito a nyengo imodzi

Takulandirani omvera nonse kuchokera kuno ku Lilongwe. Lero makalata akukamba za anthu amene amachoka kwawo kukagwira ntchito ya nyengo imodzi. Yoyamba yachokera ku Kasiya, kwa bambo odziwa bwino ntchito ya fodya.

"Mabanja ochokera ku Mulanje, Phalombe ndi Machinga amafika m'maesiteti a ku Kasungu, Mchinji ndi Lilongwe cha mu Ogasiti kapena Seputembala, nthawi ya nazale. Koma ndalama amadzaiona fodya akagulitsidwa ku okushoni ku Kanengo, msika womwe umatsegulidwa cha mu Epulo. Miyezi yonseyi banja limadya za ngongole, ndipo zinthu zimasokonekera m'kope la bwana. Ndowa ya chimanga yotengedwa mu Okutobala amaiwerengera mtengo wa mu Febuluwale, njala itafika povuta. Feteleza, khasu, mchere, sopo, ngakhale thiransipoti yobwerera, zonse zimalowa m'kopemo. Fodya akauma m'chigafa, wosankha magiredi ndi bwana, woyeza pa sikelo ndi bwana yemweyo. Pomaliza munthu amauzidwa kuti ngongole yaposa fodya wake, ndiye akhalenso chaka china. Langizo langa: wantchito akhale ndi kope lakelake. Alembe tsiku, chinthu, kuchuluka kwake ndi mtengo wa tsiku lomwelo, kapitawo asainire pomwepo. Tsiku loyeza fodya asatume munthu, aime yekha pa sikelo ndi kulemba makilogalamu a belo lililonse."

Zikomo bambo, mwafotokoza momveka. Ine ndionjezere za malamulo, chifukwa ambiri sanamvebe kuti mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito, la Employment Act la chaka cha 2000, ndi kuthetsa utenanti, njira yolimira fodya imene mwafotokozayi. Kulemba munthu mwa njira imeneyi tsopano ndi mlandu. Wolima fodya wa munthu wina ndi wantchito wolipidwa, ndipo malipiro ake asachepere pa mlingo umene boma limalengeza. Mitengo ikagwa ku Kanengo, vutolo ndi la mwini esiteti, osati la amene anagwira khasu. Bwana ayenera kupereka pepala la mgwirizano mwezi woyamba usanathe, losonyeza ntchito, maola, malipiro ndi nthawi yolandira. Zodula pa malipiro, zonse pamodzi, zisapitirire theka. Zimandiwawa mtima kuti ana ndi amene amavutika kwambiri: bambo akapatsidwa munda woti sangaukwanitse yekha, mwana amasiya sukulu kukasoka fodya. Lamulo limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo ntchito yoika moyo pa chiswe si ya wosakwana zaka 18.

Kalata yachiwiri ndi yochokera ku Mitundu, kwa mayi ogwira ntchito za umoyo.

"Tsamba la fodya likanyowa ndi mame kapena mvula, chikonga chimasungunuka n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu. Wothyola amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kusanza, nthawi zina madzulo ataweruka, ndipo ambiri amangoti ndi malungo. Dikirani mame akamuke musanalowe m'munda. Valani malaya a manja aatali ndi magolovesi, musapanire masamba m'khwapa, ndipo zovala zikanyowa sinthani n'kusamba ndi sopo. Wodwala amwe madzi ambiri, kusanza kukapitirira apite naye kuchipatala."

Mayi, tathokoza kwambiri. Zovala zodzitetezera ndi udindo wa wolemba ntchito. Wovulala kapena kudwala chifukwa cha ntchito akanene msanga ku ofesi ya zantchito, kope la kuchipatala lili m'manja, chifukwa lamulo la chipepeso cha antchito limafuna umboni.

Yachitatu yachokera ku Salima, kwa bambo odziwa ntchito za m'malo ogona alendo.

"Ku Senga Bay ndi ku Mangochi malo ogona alendo amalemba ophika, operekera zakudya ndi oyala m'zipinda nthawi ya Khirisimasi ndi Isitala, alendo akachuluka. Ena amachokera ku Lilongwe, amagona pomwepo, ndiye tsiku lawo la ntchito silidziwika pothera. Amayamba m'mamawa ndi kadzutsa, amamaliza mlendo wotsiriza akachoka ku bala. Ovataimu salembedwa paliponse, galasi likasweka amadula onse. Alendo akatha amauzidwa kuti adzaitanidwanso. Kodi wotere ali ndi ufulu wanji?"

Bambo, ufulu ulipo. Maola a ntchito ndi 48 pa sabata. Maola owonjezera pa tsiku la ntchito amalipidwa ndalama ya ola limodzi ndi theka pa ola lililonse, ndipo pa tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma amalipidwa kawiri. Ndalama imene mlendo wapereka mwa kufuna kwake siilowa m'malo mwa malipiro. Chinanso, munthu akamabwerera kwa bwana mmodzi nyengo zotsatizana, lamulo limaphatikiza miyezi yonse imene anagwira, sayambira pa ziro chaka chilichonse. N'chifukwa chake mapepala a malipiro asamatayidwe, ndipo maola azilembedwa tsiku ndi tsiku, ngakhale m'foni. Ntchito ikatha, malipiro otsala aperekedwe pasanathe masiku 7. Wochotsedwa mopanda chilungamo akadandaule ku ofesi ya zantchito ya m'boma lomwelo miyezi 3 isanathe, asanakwere basi yobwerera kwawo ngati n'kotheka, chifukwa mboni zili komweko. Zikakanika, nkhani imapita ku khothi loona milandu ya zantchito la Industrial Relations, lomwe lilinso kuno ku Lilongwe.