Kodi mimba ya mapasa imakwana pa masabata angati?

Takulandirani nonse owonera. Lero tikuyankha funso limene amayi oyembekezera mapasa amafunsa kawirikawiri, ndipo ngati simunadine batani la subscribe, dinani tsopano tisanalowe m'nkhani.

Choyamba, mwachidule: masiku a mimba amawerengedwa kuchokera pa tsiku loyamba la kusamba komaliza, tsiku loyembekezera kuchira limagwa pa masabata 40, ndipo mwana amene wabadwa masabata 37 asanathe ndiye wobadwa masiku asanakwane. Kawerengedwe kameneka sikasintha ngakhale ana akhale awiri.

Chachiwiri, chimene chimasintha ndi nthawi imene madokotala amalangiza kuti mayi achire, ndipo nkhani yonse yagona pa nsengwa, chiwalo chimene mwana amalandirira chakudya ndi mpweya ali m'mimba. Malangizo a bungwe la zaumoyo la NICE la ku Britain, a m'chaka cha 2019, amati ngati mwana aliyense ali ndi nsengwa yake, mayi achire pa masabata 37; ngati nsengwa ndi imodzi koma matumba a madzi ndi awiri, achire pa masabata 36; ndipo ngati ana agawana nsengwa ndi thumba lomwe, abadwe mwa opaleshoni pakati pa masabata 32 ndi 34, chifukwa zingwe za mchombo zikhoza kukolana. Ku America, bungwe la madokotala a amayi oyembekezera la ACOG limalola mapasa a nsengwa ziwiri kufika pa masabata 38.

Chachitatu, ndipo pano ndikupempha kuti mutchere khutu, chifukwa bodza ili limandikwiyitsa ndithu. Anthu ambiri, ena mwa iwo ophunzira bwino, amanena kuti mapasa amakhwima msanga, kotero kuti pa masabata 35 mapapo awo amakhala atatha kale ntchito yokula. Zimenezi si zoona. Mwana wamapasa wobadwa pa masabata 34 akhoza kuvutika kupuma, kulephera kuyamwa bwino ndi kuzizidwa, monga momwe zimakhalira ndi mwana wobadwa yekha pa msinkhu womwewo. Mapasa akanakhala okhwima msanga, madokotala sakanabaya mayi jakisoni wothandiza mapapo a ana kukhwima pamene akuona kuti achira nthawi isanakwane. Nanga madokotala amafulumiziranji kuti mayi achire? Amafulumira chifukwa chakuti kumapeto kwa mimba ya mapasa, chiopsezo chakuti mwana afere m'mimba chimakwera msanga kuposa pa mimba ya mwana mmodzi. Dokotala amayeza zoopsa ziwiri, za kubadwa msanga ndi za kukhalitsa m'mimba, n'kusankha sabata limene kudikira kwayamba kuopsa kuposa kubadwa. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya BMJ m'chaka cha 2016 anapeza kuti kwa mapasa a nsengwa ziwiri, zoopsazi zimafanana pa masabata 37. Ndiye amene akukuuzani kuti mapasa sasowa masabata omalizawo, mutumizireni vidiyo ino.

Chachinayi n'chachifupi: pa mimba 100 zilizonse za mapasa, pafupifupi 60 matenda amayamba okha masabata 37 asanathe, choncho konzekani msanga.

Pomaliza, mukapita kusikelo, funsani azamba kuti nsengwa zili zingati, popeza sikani imaonetsa bwino zimenezi pakati pa masabata 11 ndi 14. Vidiyo yotsatira ikufotokoza nthawi imene mapasa angabadwe popanda opaleshoni, ndipo ikuoneka pakona apo.