Fumbi lakuda la njinga za kaboni: zoyenera kudziwa musanagwire sowo

Zikomo a tcheyamani. Zikomo abambo ndi amayi, achimwene okonza njinga kuno ku Mzuzu, a mumsika, a ku Chibavi, a ku Zolozolo, komanso inu a sakalamento, onyamula anthu pa njinga, amene mwasiya siteji kuti mudzamve nawo.

Njinga zakaunjika zomwe zikubwera masiku ano si zachitsulo zokhazokha ayi. Pakati pake mumapezeka zija zamipikisano, zopepuka moti mwana akhoza kunyamula ndi dzanja limodzi. Ina felemu yonse, ina foloko yokha, handulo kapena paipi ya chishalo, zimakhala za kaboni, zimene ogulitsa amati carbon fibre. Amenewa ndi timaulusi takuda tomwe amatiyala mosanjikiza n'kutimata ndi guluu wolimba wotchedwa epoxy. Tsitsi la munthu limanenepa pafupifupi mamaikiloni 70 (milimita imodzi ndi mamaikiloni 1,000). Kaulusi kamodzi ka kaboni ndi 7 basi. Ndiye kuti tsitsi limodzi muling'ambe kakhumi.

Mudziwa bwanji kuti mwagwira kaboni? M'majointi mulibe mizere yowotcherera. Mukagogoda ndi khobidi simveka ngwee ngati chitsulo, imamveka phwii. Za maginito musadalire, chifukwa aluminiyamu nayenso samata maginito. Suzumirani m'kati mwa paipi. Ngati muli mwakuda bii, akhoza kukhala kaboni.

Njinga ya kaboni ikakhala yosadulidwa ilibe vuto, mukhoza kuikwera zaka ndi zaka. Vuto limayamba kasitomala akati paipi ya foloko yatalika, idulidwe, kapena handulo ifupike. Mukadula chitsulo kumatuluka tiziphalaphala tolemera, timagwa pansi, basi. Kaboni ayi. Timaulusi tija timathyokathyoka, guluu uja amasanduka ufa, ndipo zonsezo n'zopepuka, zimayandama mumpweya nthawi yaitali inu mutamaliza kale kudula.

Fumbi lomwe mukuliona ndi maso ndi lalikululikulu. Ilo limakodwa m'mphuno ndi pakhosi, n'chifukwa chake mumayetsemula, kukhosi kumakanda, mukamina mamina amatuluka akuda. Koma timene tachepera mamaikiloni 10 timatsika m'njira za mpweya, ndipo tochepera 4 timakafika pansi penipeni pa mapapo, m'timatumba momwe mpweya umalowera m'magazi. Kumeneko kutsokomola sikufikako. Asilikali a m'thupi amabwera, amakameza kachidutswako, koma kugaya kaboni sangathe. Ndiye malowo amangokhala otukusira. Kudula kamodzi sikugwetsa munthu pansi, tisanamizane. Amene ali pachiopsezo ndi makanika amene ntchitoyi amaibwereza, m'kashedi kotseka, chaka ndi chaka. Ndipo amene muli ndi mphumu, amene munadwalapo chifuwa chachikulu, kapena mumasuta fodya, mapapo anu ali kale ndi katundu. Fumbi limeneli likhoza kudzutsa mphumu tsiku lomwelo.

Khungu ndi maso nazonso. Tizidutswa timeneti n'tosongoka ngati chitedze. Tikalowa pakati pa zala kapena m'khosi mwa malaya mumakanda usiku wonse, ndipo kukandako ndi kumene kumatilowetsa m'kati. M'diso timakala galasi la diso. Musatikite, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15, ndipo likapitiriza kuwawa pitani kuchipatala.

Chida choyamba kuchichotsa pamalopo ndi galayinda. Ndikudziwa imafulumira, ndipo magetsi akangoyaka aliyense amafuna amalize msanga asanazimenso. Koma galayinda imazungulira kangapo masauzande pa mphindi imodzi, imapera kaboni kukhala ufa wosalala kwambiri n'kuumwaza shedi yonse. Imatenthetsanso guluu uja mpaka kutulutsa utsi wopweteka m'maso ndi pachifuwa, ndipo pomwe mwadulapo pamakhala patafooka. Chodulira mapaipi chija chozungulira nachonso ayi, chimafinya paipi n'kuiphwanya m'kati, mng'alu wake osaoneka kunja.

Gwirani sowo yapamanja, ya mano ang'onoang'ono, mano 32 pa inchi imodzi. Pamalemba 32T pa buledi pomwepo. Ya mano 18 imakoka ulusi n'kuusasula. Ikapezeka buledi yopanda mano, yokhala ngati yomatidwa mchenga, imene amati carbide, imeneyo ndiyo yabwino koposa. Yezani kawiri. Pa foloko, paipi ithere mamilimita 3 kunsi kwa pomwe kapu yapamwamba ikhalire. Kulungani tepi kawiri kapena katatu pamalo odulapo, lembani mzere pa tepiyo, imagwira ulusi kuti usasasuke. Pa vayisi musamange molimba, kutirani paipi ndi chubu chakale. Pansi yalani nsanza yonyowa. Kenako madzi. Thirani madzi, a sopo pang'ono ndi abwino, musanayambe ndipo muzithirabe mukudula. Botolo lobowola chitsekerero likwanira, mnzanu azidonthezera. Fumbi likanyowa limasanduka matope akuda, ndipo matope sauluka. Dulani mofatsa osakanikiza, pothera penipeni muchepetsenso mphamvu kuti kachidutswa kasathyoke n'kung'amba ulusi. Kusalaza, sandipepa wa nambala 400, naye womuviika m'madzi.

Kuno kwathu June ndi July, kukamazizira ndi kamvula kowaza kaja, timakonda kutseka zitseko n'kuyandikira mbaula. Ntchito iyi yokha tulukani nayo panja kapena pakhonde, mphepo izichokera kumsana kwanu. Muonenso amene ali kumene mphepoyo ikulowera, kaya ndi mayi wa mandasi kaya mwana wobwera kudzapopetsa tayala.

Eya achimwene kumbuyoko, mwafunsa za masiki aja tinkavala nthawi ya Covid. Ansalu aja ndi abuluu akuchipatala sakwanira. Sagwira nkhope, mpweya umangolowera m'mbali ndi fumbi lake lomwe. Funani yolembedwa N95 kapena FFP2, imeneyo imasefa 95 kapena 94 pa 100 iliyonse ya tinthu tating'ono. FFP3 imafika 99. Finyani kawaya ka pamphuno, zingwe zonse ziwiri zizungulire mutu, ndiye phimbani ndi manja n'kupuma mwamphamvu. Mukamva mpweya ukutulukira m'maso, sinakhale bwino. A ndevu pepani, ndevu zimatsegula mpata m'mbali monsemo. Valaninso magalasi otseka m'mbali, magolovesi ndi malaya a manja aatali.

Ambiri amadula bwinobwino n'kudzalakwitsa poyeretsa. Munthu wadula ndi madzi, wavula masiki, kenako akuuzira m'paipi ndi pakamwa, fuu! Kapena watenga tsache, kapena kompuresa. Fumbi lonse lija lomwe linagona pansi mwalidzutsa. Pukutani ndi nsanza yonyowa, m'kati mwa paipi momwe, masiki akadali kumaso. Nsanza, tepi ndi chidutswa chotsalacho muike m'jumbo, mumange, mutaye. Osaponya pa mbaula kapena pa dzala loyaka. Moto umadya guluu n'kusiya ulusi wokhawokha wosagwirana, wopsererawo umaonda n'kumauluka mosavuta, ndipo utsi wake ndi woipa. Sambani m'manja ndi m'mikono ndi sopo ndi madzi ozizira, osakhula, musanagwire chakudya. Kachidutswa kakabaya pakhungu, matanipo tepi n'kumatula. Ovolosi muichape payokha, isasakanikirane ndi zovala za ana.

Kanthu kena ambiri sakadziwa: kaboni amadutsitsa magetsi. Fumbi lake likalowa mu foni, mu tchaja, mu wailesi kapena m'mota ya chida, limayambitsa shoti. Ngati shedi yanu yagundana ndi ya wokonza mafoni, samalani.

Pomanga foloko ya kaboni musakhomeremo nati ija yonga nyenyezi, imakumba m'kati mwa paipi. Mumalowa pulagi yofutukuka yopangira kaboni. Mabawuti ake werengani nambala yolembedwa pambali, nthawi zambiri 5 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti), chifukwa mukamanga mopyoza nambalayo paipi imasweka, foloko ikhoza kuthyoka munthu akutsetsereka ku Nkhata Bay.

Amene mwakhala mukudula zimenezi kale ndi galayinda, ngati chifuwa chapitirira masabata awiri, mukubanika pokwera mtunda kapena pachifuwa pakulira, pitani ku Mzuzu Central Hospital kapena chipatala chomwe muli nacho pafupi. Mukawauze adokotala ntchito yomwe mumagwira ndi fumbi lomwe mumapuma, osangoti ndikutsokomola. A tcheyamani, buledi ndi masiki ndi izi patebulopa, zizungulire aliyense aone nambala zake.