Leviyatani Amene Anamulenga Kuti Azisewera

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye. Mawu athu m'mawa uno achokera pa Yobu 41 ndi Masalimo 104:26.

Pafupifupi mtundu uliwonse wa anthu uli ndi nthano ya chilombo choopsa. Agiriki ankasimba za Hydra, chinjoka cha mitu yambirimbiri, choti ukadula mutu umodzi pankaphuka iwiri. Anthu akale a ku Scandinavia ankati m'nyanja muli chinjoka chachitali chimene chinazinga dziko lonse mpaka kuluma mchira wake womwe. Za Napolo amati amagona pansi pa phiri, ndipo tsiku losamuka amagumula miyala, kuzula mitengo ndi kukokolola nyumba. Madzi atasakaza Zomba mu 1946, komanso Phalombe mu 1991, ambiri ankangoti wadutsa Napolo.

Ine nthano zimenezi sindiziseka ayi. Taonani kumene zilombozi zimakhala: m'madzi akuya, kunsi kwa nthaka, kumene diso silifika. Makolo ankakumana ndi mphamvu yowaposa, yobwera usiku popanda odi, ndiye ankaipatsa mutu, mamba ndi dzina kuti athe kuitchula ndi kuchenjeza ana awo.

M'Malemba namonso muli Leviyatani, chilombo chachikulu cha m'nyanja. Anthu oyandikana ndi Aisraeli ankamudziwanso: mapale a dongo amene anayamba kufukulidwa ku Ugarit, m'dziko la Syria, mu 1929 amakamba za chinjoka cha mitu 7 chotchedwa Lotan. Mulungu poyankha Yobu sakuchepetsa chilombocho ngakhale pang'ono. Mamba ake ndi othithikana moti ngakhale mpweya sulowa pakati. M'kamwa mwake mumatuluka moto, m'mphuno mukufuka utsi. Chitsulo amachiyesa phesi, mkuwa amauyesa chikuni chofumbwa. Akadutsa, nyanja imawira.

Ndiye Mulungu akufunsa Yobu: kodi ungamukoke ndi mbedza? Ungamuboole mphuno n'kumumanga chingwe? Ungasewere naye ngati kambalame, kapena kumumangirira kuti ana ako aakazi azisangalala naye? Yobu, zilonda thupi lonse, ana ake onse atamwalira, analibe poyankha. Chimandikhudza n'chakuti Mulungu sanamuuze kuti mantha ake ndi achabe. Anamuonetsa kukula kwa chilombocho, kenako n'kumukumbutsa kuti zonse za pansi pa thambo ndi za Iye Mulungu.

Wamasalimo ndiye anafika patali. Akuyang'ana nyanja yaikulu, zombo zikuyenda, n'kuona Leviyatani uja, amene Mulungu anamulenga kuti azisewera m'menemo. Azisewera! Chimene amalinyero ankanjenjemera nacho chili pamzere umodzi ndi tinsomba, kudikira kuti Mlengi achipatse chakudya pa nthawi yake.

Mwina inu mwadzuka ndi chanu chinjoka. Ngongole yoti mukabweza kuno kwina yaphuka. Matenda amene madokotala akuwafufuzabe. Mwana amene wasiya kukumverani. Musadzikakamize kunena kuti n'zazing'ono pamene usiku wonse simunaone tulo. Zitchuleni dzina pamaso pa Mulungu monga zilili.

Tipemphere. Atate, Inu amene munaphwanya mitu ya Leviyatani, mukudziwa chimene chikutiopsa lero. Ife mbedza yochikokera tilibe. Chigwireni Inu, ndipo mutipatse mphamvu yotuluka m'nyumba kukagwira ntchito zathu. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.