Chiwongolero Chauma? Musathamangire Kugula Pampu

[Benz yakale pansi pa mtengo wa mango, boneti ili yotsegula]

Takulandirani, akuluakulu. Tili ku Mangochi, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mlendo wathu lero ndi Mercedes-Benz W123, mtundu womwe ankaupanga kuyambira 1976 mpaka 1986. Eni ake akuti m'makona okwera ku Namwera amachita kulimbana ndi chiwongolero ngati akupalasa bwato pa mwera. Abwera ataweruza kale mlandu kuti pampu yafa, ija imakankha oyilo kuti chiwongolero chizifewa. Mwina yafadi. Koma pampu ndi yodula, choncho tiifunsa pomaliza.

Matayala akutsogolo kaye. Akachepa mpweya, chiwongolero chimalemera ngakhale zonse zili bwino. Pa Benz muyeso wake analemba mkati mwa kachitseko kothirira mafuta. Awa ali bwino.

[Kamera iyandikire lamba]

Pampu imazungulira ndi lamba uyu. Injini ili yozima, ndikumudina ndi chala chachikulu. Azilowa pafupifupi sentimita 1 basi. Akamalira kuti kwiii pamene mukukhota, kapena m'mbali mwake mukamanyezimira ngati galasi, ndiye kuti akuterera.

Tsopano oyilo. Tsegulani chivundikiro cha kathanki ka oyilo wa pampu, muone pomwe walekeza, mumununkhize. Pampu ya galimotoyi imamwa ATF, oyilo wa magiya a otomatiki, wofiira uja. Akada n'kumanunkha chopserera, watha ntchito. Mukaona thovu, mpweya ukulowa penapake, ndipo pampu imabuula ngati ng'ombe yanjala. Pansi pa kathankika pali fyuluta yomwe anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo, moti imakalamba limodzi ndi galimoto. Chonde, oyilo wa mabuleki asalowe muno. Amawononga masilo onse.

[Jeke, zochirikiza ziwiri, matayala akutsogolo ali m'malere]

Apa ndiye pagona nkhani. Kwezani kutsogolo konse, muchirikize ndi zitsulo zolimba, osati njerwa, osatinso jeke yekha. Injini musalize. Zungulizani chiwongolero mpaka pothera, mubwererenso mbali inayo. Matayala sakugunda pansi, ndiye ngakhale pampu sikugwira ntchito, chiyenera kuyenda mosavuta. Chikafewa m'mwamba muno koma n'kumauma pansi injini ikulira, m'pamene tingaloze chala lamba, oyilo, pampu kapena valavu ya m'bokosi la chiwongolero. Chikauma ngakhale chili m'malere, pampu ilibe mlandu. Pali chitsulo chomwe chagwira.

Taonani manja angawa. Chikukana. Chikuyenda modukizadukiza, ndipo kumanzereku kukumveka kukukuta.

Zikatere ndimamasula tie rod, chitsulo chomwe chimakankha tayala kuti likhote, mbali imodzi n'kukhotetsa tayala ndi manja. Lakumanjali likuyenda ndi dzanja limodzi. Lakumanzere... ayi ndithu, mpaka ndiikepo phewa.

[Tochi iwalitse ball joint yapansi]

Wakuba uja ndi uyu. Labala yophimba ball joint, mfundo yomwe tayala limakhoterapo, inang'ambika kalekale, girisi anathawa, munalowa mchenga wa kunyanja ndi madzi a dzinja. Onani dzimbiri likuyoyoka pa chala changa ngati ufa wa mawere. Imeneyi si yopaka girisi n'kubwezera, ndi yosintha. Ikathothoka muli pa liwiro, tayala limagona pomwepo.

Pali kanthu kena pa ma Benz amenewa. Pamwamba pa bokosi pali sikuluwu yochepetsera kugwedera kwa chiwongolero. Ena amaisintha mopyola muyeso, chiwongolero n'kumauma pakati, osabwereranso chokha mukatuluka pakona. Ngati wina anaigwirapo, muuzeni makaniko wanu.

Mukathira oyilo watsopano, zungulizani chiwongolero uku ndi uku kangapo matayala akadali m'mwamba, mpaka thovu lithe. Injini ikamalira, musachikanikize pothera kupyola masekondi 5, oyilo amatentha ndipo pampu imavutika.

Achimwene, tandipatsirani sipanala yaikuluyo, tichotse ball joint ija isanakwane nthawi ya nsima.