Makalata a Omvera: Atolankhani a Zamasewero Akamachotsedwa Ntchito

Takulandirani nonse ku pologalamu yathu ya makalata a omvera. Sabata ino makalata afika ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo akubwerera ku nkhani imene tinaikhudza sabata yatha, ya atolankhani a zamasewero amene akhala akuchotsedwa ntchito m'makampani amene amagulitsa nkhani pa intaneti kwa owerenga olipira mwezi ndi mwezi. Ndiyamba ndi makalata aafupi, chifukwa pali kalata imodzi imene ndaiwerenga katatu ndili kunyumba, ndipo ndikufuna kuti tikhalepo nthawi yokwanira.

Yoyamba yachokera ku Leicester, ku England, kwa bambo wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba. Iwo akuti amalipira chaka ndi chaka ku The Athletic, kampani yolemba nkhani zamasewero pa intaneti, ndipo akufunsa ngati kuli bwino kuleka kulipira pofuna kuonetsa kusakondwa kwawo ndi kuchotsedwa kwa atolankhani. Achimwene, ndalamazo ndi thukuta lanu ndipo chisankho ndi chanu, koma mukaleka mwakachetechete eni kampani sadzadziwa chimene chakukhumudwitsani, choncho ngati mukuleka alembereni kaye chifukwa chake.

Yachiwiri ndi ya mnyamata wa ku Mzuzu, amene akufunsa kuti alipirirenji nkhani za mpira pamene zigoli zonse amaziona ulere pa Facebook. Mwana wanga, musachoke pa wayilesi, chifukwa funso lanu ndiliyankha ndikamaliza kalata yotsatirayi.

Kalata imene yandigwira mtima yachokera ku Blantyre, kwa mtsikana amene ali m'chaka chomaliza cha maphunziro a utolankhani. Iye walemba motere: "Kuyambira ndili wamng'ono ndinkapita ndi bambo anga ku Kamuzu Stadium, ndipo tikabwerera kunyumba ndinkalemba m'kope zonse zimene ndaona. Cholinga changa chakhala choti ndidzakhale mtolankhani wa zamasewero. Nditamva za The Athletic ndinaona ngati njira yapezeka, chifukwa owerenga akamalipira okha ndiye kuti wolemba sadalira otsatsa malonda. Tsopano ndamva kuti nawonso anachotsa anthu. Bambo anga akuti ndisiye zampira ndikafune ntchito yolankhulira kampani. Kodi ndiwamvere?"

Mwana wanga, ndisanayankhe funso lanu ndikufuna kuti omvera ena adziwe chimene chinachitika, chifukwa nkhaniyi ili ndi mutu wake. The Athletic inayamba mu 2016 mumzinda wa Chicago, ku America, ndipo anaiyambitsa ndi Alex Mather ndi Adam Hansmann. Maganizo awo anali osavuta kumva. Iwo anaona kuti nyuzipepala za m'mizinda zikufooka chifukwa ndalama za otsatsa malonda zinali zitasamukira ku makampani aakulu a pa intaneti, ndipo anakhulupirira kuti munthu wokonda timu yake akhoza kulipira mwezi uliwonse ngati atapatsidwa mtolankhani amene ntchito yake yonse ndi kutsatira timu imodziyo, kupita nayo kulikonse kumene ikusewera, ndi kulemba nkhani zozama popanda zotsatsa malonda zodzaza tsamba. Anayamba kukoka atolankhani odziwika kuchokera m'nyuzipepala powapatsa malipiro abwinopo, ndipo mu 2017 Mather anauza nyuzipepala ya The New York Times kuti adzadikira mpaka nyuzipepala za m'mizinda zitatheratu mphamvu kuti iwo atsale okha. Mawu amenewo anakwiyitsa anthu ambiri a ntchitoyi ndipo iye anapepesa pambuyo pake. Mu Ogasiti 2019 kampaniyi inafika ku Britain n'kulemba ntchito atolankhani otsatira matimu a Premier League, ndipo chaka chomwecho David Ornstein, amene ambiri a inu mumamudziwa chifukwa cha nkhani za kugulitsidwa kwa osewera, anachoka ku BBC n'kupita kumeneko. Apa ndi pamene ife okonda mpira wa ku England tinayamba kumva dzina la kampaniyi.

Kenaka kunabwera mliri wa Covid-19. Mu Malichi 2020 ligi ya basketball ya ku America, ya NBA, inaima, Premier League nayonso inaima, ndipo kampani imene moyo wake wonse unali pa masewero inapezeka ilibe masewero oti ilembe. Mu Juni 2020 The Athletic inachotsa ntchito anthu 46 ndipo ambiri mwa otsalawo anawadula malipiro. Chimene ndikufuna kuti mumvetsetse ndi chakuti owerenga sanathawe, chifukwa pofika mu Sepitembala chaka chomwecho kampaniyi inalengeza kuti olipira akwana 1 miliyoni. Vuto linali lakuti ndalama zolowa zinali zochepa poyerekeza ndi zotuluka. Ambiri mwa olipirawo analowa pamtengo wotsitsidwa kwambiri, pamene kutumiza mtolankhani pandege kuti akaonere masewero ndi kumugoneka ku hotela sikutsika mtengo. Mu 2021 kampaniyi inataya ndalama pafupifupi madola 55 miliyoni, ndipo kumayambiriro kwa 2022 The New York Times inaigula pamtengo wa madola 550 miliyoni. Chaka chomwecho zotsatsa malonda, zimene poyamba ankati sizidzakhalapo, zinayamba kuoneka pamasamba ake.

Chimene chinandiwawa ine kwambiri chinachitika mu Juni 2023, pamene atolankhani pafupifupi 20 anachotsedwa ntchito ndipo ena anasunthidwa kuti azikalemba zina. Akuluakulu a kampaniyi anafotokoza kuti akusiya dongosolo loti timu iliyonse ikhale ndi mtolankhani wakewake, ndipo akufuna kuika mphamvu pa nkhani zimene zimakopa anthu ambiri nthawi imodzi. Mwana wanga, taonani pamene nkhwangwa inagwera. Lonjezo limene anakopera nalo owerenga linali mtolankhani wa timu yanu, ndipo ndalama zitavuta, amene anayamba kugwedezeka ndi mtolankhani yemweyo, makamaka wa timu imene ilibe ochemerera ambiri. Patangotha mwezi umodzi, mu Julayi 2023, The New York Times inatseka gawo lake la zamasewero limene linakhalapo kwa zaka zambiri, atolankhani ake oposa 35 anawasamutsira ku magawo ena, ndipo nkhani zamasewero anazisiya m'manja mwa The Athletic. Bungwe la anthu apantchito pa nyuzipepalayo linadandaula kwambiri, chifukwa atolankhani a The Athletic pa nthawiyo sanali m'bungwemo. Kuti ndinene chilungamo chonse, kumapeto kwa 2024 kunalengezedwa kuti The Athletic yapeza phindu kwa nthawi yoyamba chiigulireni, koma phindu limenelo silinabwezere aliyense pa mpando umene anachotsedwapo.

Ine nkhaniyi sindikuikamba ngati munthu woonerera. Ndisanabwere ku wayilesi ndinali mtolankhani wa zamasewero pa nyuzipepala ina, ndipo tsiku limene ndinachotsedwa ntchito ndimalikumbuka bwino. Linali Lachisanu masana, nditangopereka nkhani ya masewero a Loweruka, pamene anandiitana n'kundipatsa envelopu yofiirira. M'thumba la jekete munali kope langa lofufuma ndi mvula ya sabata yapitayo, momwe munali manambala a foni a makochi, a osewera, ngakhale a bambo amene ankatchetcha udzu pabwalo, amene ankandiuza yemwe wavulala pa zokonzekera akuluakulu a timu asananene kalikonse. Loweruka lake ndinapitabe ku masewerowo n'kulipira pakhomo ngati wina aliyense, ndipo dzanja linkapita lokha ku kope ngakhale kuti panalibe woti ndimulembere. Chimene kampani imataya ikachotsa munthu wotero ndi zaka zimene iye anathera akukulitsa chikhulupiriro ndi anthu a pabwalo, ndipo zimenezo sizilembedwa m'mabuku owerengera ndalama.

Tsono yankho langa kwa inu ndi ili. Bambo anu sakulakwa kuda nkhawa, ndipo musawaone ngati mdani wa maloto anu, chifukwa ndi iwo amene anakugwirani dzanja kupita nanu kubwalo. Koma ine sindingakuuzeni kuti musiye. Chimene ndingakuuzeni ndi chakuti muchotse m'mutu mwanu ganizo loti pali njira imodzi yopezera ndalama imene ingamuteteze mtolankhani. Otsatsa malonda anakhumudwitsa nyuzipepala, ndipo owerenga olipira mwezi ndi mwezi nawonso sanathe kuteteza aliyense, chifukwa kampani ikayamba ndi ndalama za anthu ofuna phindu lalikulu, tsiku limafika loti eni ndalamawo awerengere. Phunzirani kulemba, koma phunziraninso kujambula mawu ndi zithunzi, kuwerenga malipoti a zachuma a matimu, ndi kumvetsa malamulo a kugulitsa osewera, kuti tsiku limene khomo limodzi latsekedwa musapezeke mulibe china m'manja. Ndipo ngati mutayamba mwagwira ntchito ina kuti mupeze chakudya, palibe chamanyazi, bola Loweruka likafika mukhale pabwalo ndi kope lanu. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo masiku ano tili ndi anthu ambiri olemba za mpira amene sanapondepo pabwalo, amangotola zimene wina walemba n'kuzisintha mawu. Munthu amene analipo, amene anaona ndi maso ake kuti wosewera uja anatuluka akutsimphina, adzafunikabe.

Tsopano ndibwerere kwa mnyamata wa ku Mzuzu uja, ndipo ndikulankhulanso kwa ena anayi amene alemba zofanana ndi zake. Zigoli mukhozadi kuziona ulere, pakuti chigoli ndi nambala chabe. Koma nkhani yofotokoza chifukwa chimene kochi wachotsedwera, kapena yoti osewera akhala miyezi osalandira malipiro, kapena yoti ndalama za pakhomo sizikufika kumene zimayenera kufika, imafuna munthu woti athere masiku akufunsa mafunso kwa anthu amene sakufuna kuyankha, ndipo munthu ameneyo ali ndi lendi yoti alipire ndi ana oti awadyetse. Chizolowezi chimene chakula pakati pathu, choti munthu mmodzi agula nyuzipepala kapena alipira pa intaneti kenaka n'kujambula masamba onse n'kuwamwaza m'magulu a WhatsApp, chimaoneka ngati kukoma mtima, koma chimadya malipiro a wolemba. Ndikudziwa kuti ndalama ndi zovuta, ndipo sindikunena kuti munthu asiye kugula ufa kuti alipire nkhani za Arsenal. Ndikunena za ife amene timakwanitsa kugula mabando a intaneti sabata iliyonse, ena timakwanitsanso kubetcha pa masewero omwewo, koma tikauzidwa kuti tilipire wolemba timati ndi kuba. Masewero a Flames, a Bullets, a Wanderers ndi a Silver Strikers sadzalembedwa ndi mtolankhani wa ku London kapena wa ku New York, ndipo ngati The Athletic, ndi olipira ake oposa 1 miliyoni, inaona kuti matimu ang'onoang'ono sakubweretsa ndalama zokwanira, tiyenera kudzifunsa kuti amene amalemba za matimu a m'maboma mwathu akukhalira chiyani. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mayi wina wa ku Johannesburg akufunsa ngati Sports Illustrated, magazini ya zamasewero ya ku America, nayonso inagwa m'vuto lomweli. Mayi, nkhani yake ndi yosiyana pang'ono. Mu Januwale 2024 kampani ya Arena Group, imene inkasindikiza magaziniyo, inalephera kulipira eni dzinalo, a Authentic Brands Group, ndipo chilolezo chake chitalandidwa antchito ambiri analandira makalata owachotsa ntchito, kufikira pamene kampani ya Minute Media inatenga udindo wosindikiza mu Malichi chaka chomwecho.

Bambo wina wa ku Chipata akuti vutoli ndi la makampani ang'onoang'ono okha. Ayi bambo, ngakhale ESPN, kampani ya kanema wa zamasewero imene ndi yaikulu kwambiri ku America, inachotsa anthu pafupifupi 100 mu 2017, ambiri mwa iwo odziwika pa kanema, chifukwa mabanja ambiri ankasiya kulipira kanema wa mwezi ndi mwezi pamene mtengo wogulira ufulu woonetsa masewero unkakwerabe.

Ndipo kwa achimwene a ku Kasungu amene mwalemba masamba awiri athunthu kudandaula za woimbira wa masewero a timu yanu, kalata yanu ndaisunga bwino, koma mtima ukhale pansi kaye chifukwa lero tikukamba za olemba, osati oimbira.

Nthawi yathu yatha. Mwana wanga wa ku Blantyre, ndikupemphani kuti Loweruka likudzali mupite ku masewero alionse amene ali pafupi ndi kwanu, ngakhale a ligi ya m'chigawo, mulembe nkhani yosapitirira tsamba limodzi, ndipo muitumize kuno pamodzi ndi kalata yanu yotsatira. Ndidzaiwerenga pa pologalamu ino, ndipo bambo anu muwauze kuti adzatchere khutu.