Kukana choipa osanyamula chibonga

Zikomo amfumu potilola kukhala pabwalo lanu. Zikomo anduna, amayi ndi abambo, ndi inu anyamata mwaima kumbuyoko. Senderani kuno, mthunzi ulipo.

Chimene chatisonkhanitsa mukuchidziwa. Ogula mtedza amene akubwera ndi galimoto kuchokera ku Chipata ali ndi sikelo yachilendo: thumba lodzaza mpaka kukamwa, likangokwera pamenepo limapepuka. Ndamva anyamata ena akuti tiwotche galimotoyo. Ndamvanso akuluakulu ena akuti tingokhala chete, mphawi alibe mawu. Onsewo ndi abale anga, koma lero ndikutsutsana nawo onse.

Mu 1893, loya wina wachimwenye dzina lake Gandhi anatulutsidwa m'sitima ku Pietermaritzburg, ku South Africa, chifukwa cha khungu lake, tikiti ali nayo m'manja. Mu 1906, ku Johannesburg, iye ndi amwenye anzake analumbira pamaso pa Mulungu kuti lamulo lowakakamiza kalembera wonyoza sadzalimvera, ngakhale atalangidwa. Njira imeneyi yokana choipa osamenya munthu anaitcha satyagraha, kutanthauza kugwiritsitsa choonadi.

Mawuwa ndi olemera, chifukwa choonadicho chimayamba kuluma mwini wake. Tiyeni tiuzane zoona pano, palibe mlendo. Alipo pakati pathu amene amawaza madzi pa mtedza usiku, alipo amene amathira timiyala pansi pa thumba. Mukuseka, amayi, chifukwa mukuwadziwa. Munthu wotere akaima kutsogolo kwa wogula n'kunena kuti ndiwe wakuba, mawu ake amagwera pansi ngati mankhusu. Mphamvu ya munthu wopanda chida ili m'manja oyera basi. Akadetsa manjawo, watsala wopanda kanthu.

China, chowawa kwambiri: amene wasankha njira imeneyi amavomera kuti kupweteka kugwere iye, osati mnzakeyo. Mu 1930, atabwerera kwawo ku India, Gandhi anayenda pansi masiku 24 kupita kunyanja, ku Dandi, kukatola mchere umene boma la Angerezi linaletsa anthu kudzipangira okha. Anthu zikwizikwi anamangidwa, ena anaphwanyidwa mitu ndi ndodo za apolisi osakweza dzanja. Amene mumawerenga Baibulo mukumbukira Sadrake, Mesake ndi Abedinego pa Danieli 3. Sanatukwane mfumu, sanathawe, sanagwadenso. Kwa ife kupwetekako n'kochepa koma n'kwenikweni: tikagwirizana kuti sitigulitsa, padzakhala nyumba zopanda sopo ndi mchere kwa masabata angapo, ndi mwana wodikira yunifomu. Amene ali ndi chimanga chotsala m'nkhokwe ayambe kuganizira mnansi wake lero lomwe. Ku Montgomery, ku America, anthu akuda anakana kukwera mabasi masiku 381 kuyambira mu December 1955, mayi wakuda Rosa Parks atamangidwa chifukwa chokana kusiyira mzungu mpando m'basi, ndipo anapirira chifukwa okhala ndi galimoto ankanyamula anzawo.

Tsopano pamene ambiri timagwera. Wogula uja ndi munthu. Ali ndi amayi ake, mwina naye akufinyidwa ndi bwana wake m'tauni. Chimene tikulimbana nacho ndi sikelo yobera, osati magazi ake. Mu January 1956 nyumba ya mbusa Martin Luther King, mtsogoleri wa okana mabasi a ku Montgomery aja, inaphulitsidwa ndi bomba, mkazi wake ndi mwana wakhanda ali mkati. Khamu linasonkhana, ena atanyamula zida, koma iye anaima pakhonde n'kuwauza kuti abwerere kwawo asabwezere. Ine ndikaganiza za bambo ameneyo, utsi uli m'nyumba mwake, mtima umandigunda. Zotere sizichokera m'mutu, zimachokera m'pemphero la masiku ambiri.

Ndipo musaiwale za ku Chauri Chaura, ku India. Mu 1922 khamu lokwiya kumeneko linatentha polisi, apolisi 22 nafa. Gandhi anaimitsa ntchito yonse yokana boma m'dziko lonse la India, anzake akumudandaulira kuti chipambano chinali pafupi. Kwa iye ufulu wobwera ndi mitembo yowotchedwa unali utaipa kale. Kwathu kuno ku Zambia, a Kaunda, amene anaphunzira zambiri kwa Gandhi ndipo anamangidwa mu 1959, ankalalikira zomwezi, komabe pa Cha Cha Cha, ntchito yokana boma la atsamunda mu 1961, milatho ndi masukulu zinawonongedwa kumpoto ndi ku Luapula. Kugwira mtima wa khamu n'kovuta kuposa kugwira ng'ombe yolusa. Nkhondo siimanga mudzi, ndipo galimoto ikapsa, amene adzagone m'chitokosi ndi ana athu, nkhani ya sikelo n'kuiwalika.

Ndiye Loweruka tichite chonchi. Tibwereke sikelo yabwino, thumba lililonse tiliyeze tokha pamaso pa amfumu, tilembe m'buku. Ogulawo akafika, tiwapatse moni ndi mpando, tiwaonetse bukulo, tiwauze kuti tigulitsa pa sikelo yoona yokha. Akatukwana, tikhale pansi tiyimbe. Aliyense wobwera tsikulo asalawe kachasu, ndipo amene akudziwa kuti dzanja lake silichedwa, palibe manyazi, atsale kunyumba ayang'anire ziweto. Amayi a kutchalitchi ndi abale athu achisilamu, Lachisanu madzulo tikumane pano tipempherere ogulawo, powatchula maina.

Ndaona dzanja uko. Inde, bambo, imirirani tikumveni.